Wezulo Pansi pa Phiri

Sunthirani uko chikuni icho, utsi ukundilowa m'maso. Ndipo inu anyamata mwakhala kumapetoko, musayese sindinakumveni mukunong'onezana kuti a Refa anasiya kuimbira mpira chifukwa mpweya unawathera. Mpweya ndili nawo ine, woposa wa nonsenu. Wezulo ndinamusiya pa chifukwa china, ndipo poti pamaliro pano palibe amene akupita kwawo, khalani bwino mumve. Koma musandivomere kuti "tili tonse" ayi. Iyi si nthano, ndipo tsiku ndikunenalo sitinali tonse.

Ine ndinakulira ku Miyala, kumtunda kwa tauni yomwe ino, kumene nyumba zimakwera phiri chaka ndi chaka ngati mbuzi. Mitengo tinaimaliza kalekale ndi makala. Pakati pa nyumbazo pamadutsa khwawa lochokera pamwamba penipeni, ndipo m'khwawamo muli miyala ikuluikulu, ina yoposa minibasi, imene makolo ankati inatsika chaka chimene Napolo anadutsa. Eya, ndamutchula, ndipo ndimutchulanso. Napolo, chinjoka chimene amati chimagona pansi pa phiri, ndipo chikatopa pamalo chimanyamuka ulendo wa kunyanja n'kukokolola chilichonse chimene chili panjira yake. Ku Miyala dzina limeneli silinkatchulidwa mitambo ikayamba kusonkhana. Ankangoti "eni phiri," motsitsa mawu, maso ali pansi.

Panalinso lamulo limene mwana aliyense ankalidziwa asanayambe n'komwe sukulu: pansi pa phiri saimba mluzu. Mluzu umaitana njoka. Ine ndili wamng'ono ndinalawapo mthiko pamsana chifukwa cha likhweru. Ndiye nditakula, mpira ndinkakaimbira kumunsi, pabwalo la kumsika, ndipo pobwerera wezulo ndinkamubisa m'sokosi ngati chamba.

Ndinali ndi mlongo mmodzi yekha, Feliya, wamng'ono kwa ine. Makolo atamwalira ndinamulera ndine, ndipo anakula akundimvera pa zonse kupatula chinthu chimodzi: anakwatiwa ndi a Namakhwa. Alamu angawo ntchito yawo inali yoswa miyala yogulitsa kwa omanga nyumba. Manja anali nawo olimba, koma mutu unali wolimba kuposa manjawo. Nyumba anaimanga m'mphepete mwenimweni mwa khwawa, ati ntchito ikhale pakhomo. Ukaima pakhonde pawo n'kulavula, malovu ankagwera m'khwawamo. Ine ndinali nditasamukira kumunsi ndi banja langa, koma nyumba ya Feliya inkandisowetsa tulo dzinja lililonse.

Chaka china, mwezi wa Okutobala, kunabwera a bungwe lina pa galimoto yoyera kudzachititsa msonkhano pasukulu ya pulaimale, imene ili pachitunda, kumbali kwa khwawa. Mayi wina waulemu wake, wovala magalasi, anatifotokozera bwinobwino kuti phiri lopanda mitengo likamwa madzi ambiri limagumuka, ndipo chimene chimapulumutsa anthu ndi kuchoka msanga. Kenako anatsegula katoni. Munali mawezulo ofiira, atsopano, aliyense ndi chingwe chake.

"Mukaona zizindikiro, imbani," anatero mayiyo. "Aliyense akamva wezulo asiye zonse, athamangire pasukulu pano. Tagwirizana?"

"Tagwirizana!"

M'manja munaombedwa, nthungululu zinalira. Ine anandisankha kukhala mkulu wa mawezulo, poti ndine Refa. Ndinadzuka kuti ndiwauze mayiwo zoti kuno mluzu ndi mwikho, mwina atipatse belu kapena chitsulo chogogoda, koma wapampando anandikoka malaya, ati tisachititse manyazi alendo. Ife tili ndi matenda amenewa. Pamsonkhano timavomera ndi m'manja, kukana timakakanira kunyumba.

Galimoto ija isanafike n'komwe pamsewu wa tala, Anachisale anali atayamba kale. Awa anali mayi ogulitsa zitumbuwa, oyandikana nyumba ndi Feliya, ndipo pakamwa pawo panalibe chitseko.

"Abwera kudzatipatsa choitanira," anatero akugwedeza wezulo m'mwamba ngati agwira khoswe kumchira. "Iwo akagona kumayadi, ife eni phiri adzatipeza tili pano."

"Anachisale, wezulo saitana chinthu," ndinatero. "Ine ndaimba zaka zonsezi. Chimene chimabwera ndi anyamata otukwana basi."

"Kumunsi uko, a Refa. Kuno n'kwina."

Mvula yoyamba itagwa, ndinati tiyeserere, anthu azolowere njira ya kusukulu. Ndinalengeza m'matchalitchi, ndinalengeza kumjigo. Tsikulo linali Loweruka masana, nkhungu itakuta phiri kuyambira pakati kupita pamwamba. Ndinaima pamwala waukulu m'khwawa muja n'kuimba kamodzi, monga timachitira poyamba mpira.

Palibe anathamanga. Amayi amene ankachapa anangoima, sopo akudontha m'manja. Ana anasiya phada. Kunali zii, moti ndinkamva ntchentche.

Ndiye kumwamba kuja, m'nkhungu, kunayankha.

Musandiuze za kubwerera kwa mawu m'phiri, ndimakudziwa. Mawu akamabwerera amabwera msanga, ndipo amafanana ndi ako. Awa anadikira kaye, ngati munthu amene akumeza malovu. Kenako analira pansipansi, motalika, kuposa mpweya umene ine ndinatulutsa. Tsitsi linandiima, sindinama. Nditacheuka, amayi aja anali atanyamula ana n'kulowa m'nyumba, zovala atazisiya m'mabeseni. Anatsala ndi a Namakhwa okha, ali chilili ndi nyundo yawo yoswera miyala.

"Alamu, mwamva?" anatero. "Mwayankhidwa. Musadzayerekezenso pakhomo panga."

Kuyambira sabata imeneyo mawezulo anayamba kusowa. Ndinkayenda khomo ndi khomo kwa amene tinawagawira. Uyu ati mwana wataya. Uyu ati sindikudziwa. Bambo wina anandilowetsa m'nyumba n'kundionetsa msomali pamene anapachikapo: chingwe chinali pomwepo, mfundo yake ili yosamasula, koma wezulo palibe. Ine ndinadziwiratu woyamba kumukayikira, ndipo ndinapita molunjika pamene ankakazinga zitumbuwa.

"Ena ndataya ndine m'chimbudzi, sindibisa," anatero Anachisale. "Ndipo ndikanawapeza onse ndikanataya onse."

"Ndiye ndinu!"

"Ndati ena, a Refa." Anasiya kutembenuza zitumbuwa. "Wanga weniweni ndinamuika m'chitini, chitini m'sutikesi, sutikesi ndinakiya. Dzulo ndatsegula. M'chitinimo muli dothi lofiira, lonyowa."

Wanga yekha ndiye anatsala. Ndinkamuvala m'khosi, m'kati mwa malaya, ngakhale posamba.

Kenako zinayamba zing'onozing'ono, zoti ukauza munthu wa kumunsi akhoza kukuseka. Chitseko cha Feliya chinayamba kukana kutsekeka. Alamu anachipala, chinatsekeka, patangopita masiku chinakananso. Mtengo wa gwafa umene unali kuseri kwa bafa unapendekera kumunsi popanda mphepo. Pansi pa bedi la Anachisale panatumphuka kasupe wa madzi ofiira. Agalu a ku Miyala, amene ankatiuwa kuyambira tili ana, anatsika onse kukagona kumsika, ndipo ngakhale uwakoke ndi chingwe ankakanirira miyendo. Komanso panali fungo. Inu amene mwakumba manda lero mukulidziwa, fungo la dothi la pansi limene silinaonepo dzuwa. Linkabwera ndi kamphepo kochokera kuphiri n'kukhala m'zovala.

Nkhungu ikatsika kunkamveka ng'oma. Osati zomveka bwino ayi, zakutali, zogunda m'chifuwa kuposa m'makutu. Tinkati ndi anthu aja amakwera phiri kukapemphera ndi kusala kudya. Koma tsiku lina anthu opempherawo anatsika okha, Mabaibulo ali m'khwapa, n'kutifunsa kuti kodi kumunsi kuno kuli chinamwali, chifukwa ng'oma zathu zikuwasokoneza mapemphero. Sanakwerenso.

Zonsezi mayi wa magalasi uja anali atazitchula: zitseko, mitengo yopendekera, akasupe achilendo, kugunda kwa pansi. Ndinawakumbutsa anthu mpaka mawu anasasa. Ankandivomereza bwinobwino. "Zoona a Refa, zizindikiro zimenezo. Eni phiri adzuka. Nanga munawadzutsa ndani?" Ndinkafika kunyumba mutu ukuwawa. Tonse tinkaona chinthu chimodzi, tonse tinkachita mantha amodzi, koma ine ndikati tiyeni tichoke, iwo ankati tiyeni tikhale chete.

Ndiye panabwera mlendo.

Anayamba kumuona ndi amayi otunga madzi, kenako anyamata a kabaza. Wina ankati ndi wamtali, wina ankati ndi wowerama. Wina ankati ali ndi ndevu, wina ankati nkhope sanaione bwino chifukwa cha chipewa. Chimene onse ankagwirizana n'chakuti anavala jekete lakuda, ndipo thalauza lake linali lonyowa ndi matope mpaka m'mawondo, ngakhale tsiku loti dzuwa laswa mtengo. Ankaima pamene njira za m'mapazi zimakumana n'kufunsa funso limodzi. Anthu a ku Miyala, poti ndi ochenjera pa zinthu zoterezi, ankangowerama n'kudutsa osayankha.

Feliya ndinamulera ndi ulemu. Munthu wamkulu akakufunsa, umayankha.

Anandifotokozera yekha, titakhala pakhonde pake, akusenda chinangwa. Anati ankachokera kuchigayo, ufa uli pamutu, ndipo anakumana ndi mlendo uja pamwamba pang'ono pa nyumba yake.

"Anandipatsa moni bwinobwino, achimwene. Ndiye akuti, 'Mwanawe, yotsikira kumunsi ndi iti?' Ine ndinati, 'Tsatani khwawa lomweli, agogo, likakufikitsani. Mudutsa pakhomo panga apo.' Anathokoza. Nditayenda pang'ono ndinacheuka kuti ndione ngati akutsatira. Panalibe munthu."

Anachisale atamva anagwira kumutu n'kukhala pansi m'fumbi. "Wawalozera! Mwana iwe, wawalozera njira!"

Apa ndinaganiza kuti tsopano achoka. Ngati akukhulupiriradi kuti Napolo wauzidwa kuti adutse pakhomo pawo, munthu wanzeru amasamuka. Koma mwaiwala kuti ndikunena za ku Miyala. M'mawa mwake akuluakulu anakwera ndi ufa ndi thobwa kukathira patsinde pa mwala waukulu, kupempha eni phiri kuti apatukire kwina. Madzulo ake a tchalitchi anabwera kudzawaza madzi odalitsa pamwala womwewo. Ambiri mwa iwo anali anthu omwe aja, anangosintha zovala. Atatha, alamu anga ananditambasulira manja.

"Zakonzedwa, alamu. Kagoneni."

"Gwafa uja wawongoka?" ndinafunsa.

"Inu vuto lanu ndi limenelo. Mumayesa moyo ndi mpira, woti mukaimba aliyense aime."

Ndinadikira atapita kumiyala yawo, ndinamugwira Feliya dzanja. Ndinamuchonderera monga sindinachondererepo munthu.

"Chemwali, tiye kumunsi. Chipinda chilipo. Mvula ikatha udzabwerera."

"Achimwene, ndisiye mwamuna yekha? Anthu ati chiyani?"

"Anthu akalankhula sufa."

"Komanso bambo akunowa akuti nyumba ikakhala yopanda munthu, eni phiri amati apatsidwa njira. Amadutsa pomwepo. Tikachoka ndiye kuti taipereka."

"Ipereke! Njerwa tidzaumba zina. Iwe ndikakuumba kuti?"

Anaseka, misozi ili m'maso. "Inu achimwene, mkwiyo wanuwu udzakuphani msanga kuposa phiri." Kenako anayang'ana chitseko chokana kutsekeka chija. "Mutengeni Tiyamike. Ndiwauza kuti kwanu n'kufupi ndi sukulu ya mkaka."

Tiyamike anali mwana wake yekhayo, kamtsikana koyamba kumene kulankhula bwino. Ndinatsika naye tsiku lomwelo, atakhala pamapewa panga, akundimenya m'mutu ngati ng'oma. Ndicho chokha chimene ndinapambana m'nkhani yonseyi.

Mvula yeniyeni inabwera m'mwezi wa Malichi. Inu nonse mukuikumbukira, sindikufotokozerani. Inagwa usana ndi usiku osapumira, wailesi ikungonena kuti okhala m'mphepete mwa mapiri achoke. Tsiku lina masana kunja kunada ngati dzuwa lalowa. Mtima unakana kukhala pansi. Ndinavala jumbo kumutu n'kuyamba kukwera.

Njira zonse zinali mitsinje. Madzi ankatsika m'tinjira ta pakati pa nyumba, akukokolola zinyalala ndi nkhuku zakufa. Koma nditafika pakhwawa ndinaima. Khwawa limene linkayenera kusefukira linali louma. Mvula ikukhuthuka choncho, m'khwawamo munkangoyenda kamadzi kochepa ngati kotayidwa m'beseni. Madzi onse a phiri lija anali ataima penapake kumwamba. Chinachake chinali chitawagwira.

Ndinakweza maso. Pamwala waukulu uja, pamene anathira ufa, panali pataima munthu. Nkhungu inkamubisa n'kumuonetsa. Ndinaona jekete lakuda. Sankayenda, sankabisala mvula, anangoima monga munthu amaimira pasiteji podikira minibasi imene akudziwa kuti ikubwera. Sindinafune kuona zambiri, ndipo musandifunse.

Ndinathamangira kwa Feliya n'kumenya chitseko ndi zibakera.

"Tulukani! Khwawa lauma! Tulukani!"

M'katimo ankaimba nyimbo ya m'buku, motsitsa. Inalekeka. Feliya anasuzumira pawindo.

"Achimwene, mwanyowa. Lowani."

"Sindilowa. Tuluka iweyo!"

Kumbuyo kwake kunamveka mawu a alamu. "Auze apite kwawo. Akutisokosera. Eni ake akudutsa mwakachetechete, ife tikhale chete."

Ndinapita khomo lina, ndi lina, ndi lina. Ndinakuwa mpaka kukhosi kunachita magazi. Paliponse chimodzimodzi: makatani akugwedezeka, anthu alimo, akundiona, koma osatsegula. Pansi pa mapazi anga ng'oma zija zinali zitayamba, ndipo tsopano sizinali kutali. Ndinaima pakati pa njira, mvula ikundimenya kumaso, ndikulira ndi ukali. Ndinapisa dzanja m'malaya.

Ndinaimba. Osati kamodzi ngati poyamba mpira. Ndinaimba ngati pabwalo pabuka ndewu, mpweya wonse, osalekeza.

Abale anga, zitseko zimene zinakana mawu anga zinatseguka zonse nthawi imodzi. Woyamba kutuluka anali alamu anga, nyundo ili m'manja.

"Akuitana! Mgwireni! Akutiitanira imfa!"

Anatuluka amuna ndi zibonga, amayi ndi mithiko ndi misi, Anachisale ndi chiwaya chimene. Ndinaona nkhope za anthu amene ndinakula nawo zitasanduka zina. Miyendo inaganiza msanga kuposa mutu: ndinathawa. Ndipo nditangodumpha ngalande yoyamba ndinazindikira kuti ndikuthawira kuchitunda, njira ya kusukulu, ndipo Miyala yonse ikunditsatira.

Ndiye ndinaimbanso. Ndikaona kuti atsalira, ndinkaima n'kuimba mowaputa, n'kuthamanganso. Mwala unandipeza paphewa, wina kumutu. Ana anatuluka kutsatira amayi awo, agogo ankakokedwa ndi zidzukulu zofuna kukaona a Refa akumenyedwa. Zimene msonkhano unalephera, zimene wailesi inalephera, mkwiyo unazichita.

Pokhota paliponse ndinkacheuka kufunafuna chitenje cha Feliya, chobiriwira cha maluwa achikasu. Ndapempherapo zinthu zambiri pa moyo wanga, koma pemphero la tsiku limenelo sindidzaliiwala. Ndinkati, Mulungu, mlongo wangayo andide. Andide kwambiri. Atole mwala nayenso, andithamangitse.

Anandigwirira pabwalo la sukulu. Ndinagwa m'matope, ndipo zibonga zinatsika. Dzino ili mukuona palibeli linatsala pomwepo. Alamu anandiponda pachifuwa n'kudula chingwe m'khosi mwanga, n'kukweza wezulo m'mwamba kuti onse aone kuti zatha.

Wezulo ali m'manja mwawo choncho, kuphiri kunalira mluzu.

Unali womwe uja, wapansipansi, wautali. Zibonga zinaima m'malere. Anthu onse anatembenuka. Kenako nkhungu inang'ambika, ndipo phiri linayenda. Sindinganene kuti ndinaona njoka, sindinganenenso kuti sindinaone kanthu. Chinali chakuda, chachitali, chinkapindika motsata khwawa, miyala yoposa nyumba ikugubuduka pamsana pake ngati nthochi zoponyedwa. Phokoso lake silinali la m'makutu, linali la m'mafupa. Malata ankauluka. Mitengo ya magetsi inkagona umodzi umodzi. Sizinatenge nthawi yoti munthu n'kumaliza Atate Wathu.

Kutakhala bata, pakati pa Miyala panali msewu wofiira, waukulu, wosalala, kuchokera pamwamba mpaka kumunsi. Pamene panali nyumba ya Anachisale panalibe kanthu. Pamene panali nyumba ya Feliya panalibe ngakhale njerwa imodzi.

Ndinadzuka, magazi ali m'kamwa, n'kuyamba kuyenda pakati pa anthu aja. Ndinkatembenuza amayi mmodzimmodzi kuti ndione nkhope. Ndinalowa m'makalasi onse. Ndinayang'ana kuseri kwa zimbudzi. Ndinaitana dzina lake mpaka anthu anayamba kundithawa maso. Alamu anali atakhala pansi m'matope, nyundo ili pambali, pakamwa pali yasa. Tinakumba masiku ambiri, ndi makasu, ndi manja. Ena tinawapeza, okalamba ndi odwala amene sakanatha kutuluka. Feliya sitinamupeze.

Mukuganiza kuti anthu anadzandithokoza? Ha! Tili kumsasa konko, tikugona m'makalasi, nkhani inali itamveka kale kuti a Refa anaitana Napolo ndi wezulo. Ati akanakhala chete, eni phiri akanadutsa mwaulemu m'khwawa mwawo osakhudza nyumba. Anthu amene ana awo ali moyo chifukwa anandithamangitsa ankakoka anawo ndikamadutsa. Alamu anga mpaka lero tikakumana amawolokera tsidya lina la msewu, ndipo mwana wawo akukulira kwa ine. Sindifuna zikomo wa munthu. Chimene chimandiwawa n'chakuti pitani ku Miyala mawa mukaone. Amanganso, m'kati mwenimweni mwa msewu wofiira uja. Ati ndiye malo abwino tsopano, chifukwa eni phiri sabwerera m'mapazi mwawo. Ndinapita kukalankhula, anandiuza kuti ndichoke ndisanawaitanirenso.

Koma funso limodzi linkandidya. Chifukwa chiyani Feliya sanatuluke? Miyendo anali nayo, mwana sanali naye kumsana, mwamuna wake anali patsogolo pa gulu. Ndinkaganiza kuti mwina chitseko chinamukanira. Mwina anabwerera kukatenga kanthu. Ndinafunsa anthu ambiri, onse ankangoti sitinamuone.

Anandiuza ndi Anachisale, patapita nthawi yaitali. Ndinawapeza kumsika, atayambiranso zitumbuwa zawo ndi chiwaya chomwe chija anandithamangitsa nacho. Ndinafuna kudutsa, koma anandiitana.

"A Refa, taimani. Chinthu ichi chandilemera."

Ndinaima.

"Mlongo wanu anatuluka tsiku lija. Anatuluka limodzi nafe."

"Ndiye anatsalira pati?"

"Sanatsalire. Anaima pakati pa njira, manja atatambasula, akutigwira zovala. Akuti, 'Asiyeni achimwene anga! Asiyeni!' Ine ndinamukankha ndi dzanja ili. Ndinati, tiye, nawenso ukawalange, atiphetsa. Anandiyang'ana n'kunena kuti, 'Anachisale, amene aja anandilera. Ine sindingawathamangitse ngati wakuba, ndipo sindingapite kukaonerera akumenyedwa.' Anabwerera m'nyumba. Ndinamumva akulira, akukankha chitseko."

Mafuta ankapsa m'chiwaya, zitumbuwa zikuda, ndipo panalibe amene anazitembenuza.

Ndiye anyamata inu, mukamati a Refa mpweya unawathera, dziwani izi. Tsiku limenelo aliyense wa ku Miyala amene anali ndi miyendo ananditukwana, ananditolera miyala, anandithamangitsa, ndipo onsewo ali moyo. Amene anakana ndi mmodzi yekha.